His, FLAG, HA, Myc kapena GFP: Tag Iti Yolumikiza ku Puloteni Yanu?

Munthu akayamba kufufuza puloteni imene anthu sanaiphunzire kwenikweni, vuto loyamba ndi lakuti sangathe kuiona. M'selo limodzi muli mapuloteni zikwizikwi, ndipo ukaphwanya maselo n'kuyendetsa madzi ake pa gel, chimene umaona ndi mizere yothinana imene sikuuza kuti yako ndi iti. Chimene chimaloza puloteni imodzi pakati pa khamu lonselo ndi antibody. Aliyense amene anayezetsapo malungo pobayidwa chala anaona kale mmene zimenezi zimayendera: pa kapepala ka mkati mwa kachipangizo kaja pamakhala antibody imene imagwira puloteni ya kachilombo ka malungo yotchedwa HRP2, ndipo ikaigwira mzere wachiwiri umatuluka. Mu labu timachitanso chimodzimodzi, kungoti kawirikawiri puloteni imene tikuifuna ilibe antibody yake pa msika, kapena ilipo koma ndi yosadalirika.

Kupanga yanuyanu n'kotheka. Mubaya kalulu, mudikira miyezi, ndipo pamapeto pake mwina mupeza antibody imene imagwira chilichonse kupatula chimene mumafuna. N'chifukwa chake ambiri amadutsa njira yachidule: amawonjezera kachidutswa ka DNA ku jini, kuti puloteni izituluka ili kale ndi kamchira ka ma amino acid ochepa amene antibody yake ilipo kale ndipo ndi yodziwika bwino. Kamchira kameneka ndiye tag. Sean Munro ndi Hugh Pelham a ku Cambridge anaonetsa njira imeneyi mu 1984, pamene analumikiza kachidutswa ka substance P ku puloteni ya ntchentche ya Drosophila yotchedwa hsp70. Kuchokera nthawi imeneyo ma tag achuluka, ndipo wophunzira watsopano nthawi zambiri amangotenga imene ili pa plasmid (kachidutswa kozungulira ka DNA konyamulira jini kulowa m'selo) yomwe waipeza mu firiji ya labu. Mwina zimayenda. Koma pali chinthu chimodzi choti chisachoke m'mutu pamene tikuyerekeza njirazi: antibody ya tag imaona tag, siona puloteni yanu. Tag ikaduka, ikabisika, kapena selo likakhala ndi chinthu china chofanana nayo, antibody idzakuuzani nkhani ya tag, inu n'kumalemba ngati ndi nkhani ya puloteni.

His: yabwino poyeretsa, yokayikitsa poona

Tiyambe ndi imene imapezeka paliponse. His ndi ma histidine asanu ndi limodzi otsatizana, osakwana ndi 1 kDa yomwe (kDa ndi muyezo wa kulemera kwa puloteni). Mphamvu yake sili mu antibody ayi, koma mu chitsulo. Erich Hochuli ndi anzake ku Roche anaonetsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti ma histidine otsatizana amamatirira pa nickel yogwiridwa ndi NTA, ndipo imidazole imawamasula. Ngati mukufuna mamiligalamu a puloteni kuchokera mu E. coli, palibe njira yotsika mtengo kuposa imeneyi. Resin, mikanda yonyamula nickel ija, mungathe kuitsuka n'kuigwiritsanso ntchito, ndipo imagwira ngakhale puloteni itasungunulidwa mu urea ya 8 M, zimene ma antibody ambiri sangapirire. Mungosamala EDTA, imene imachotsa nickel pa resin, ndi DTT yochuluka, imene imaisintha mtundu n'kuifooketsa.

Vuto limabwera pamene munthu waganiza kuti popeza His ilipo kale, angogula anti-His n'kumaonera nayo puloteni pa Western blot (pamene mapuloteni a pa gel amasamutsidwira pa kapepala kotchedwa membrane n'kuonedwa ndi antibody) kapena pa maikulosikopu. Ma antibody a His amasiyana kwambiri. Ena amagwira pokhapokha ma histidine ali kumapeto kwenikweni kwa puloteni, ku C-terminus, opanda chilichonse chotsatira. Ena amafuna kuti patsogolo pake pakhale arginine, glycine ndi serine. Mukagula yosagwirizana ndi plasmid yanu, blot idzatuluka yoyera pamene puloteni ili momwemo. Ena amafooka mukatchinga membrane ndi mkaka, ndipo amafuna BSA. Komanso maselo ali ndi mapuloteni awoawo odzaza histidine. Mu E. coli muli SlyD, imene imamatirira pa nickel limodzi ndi puloteni yanu. M'maselo a munthu muli YY1, imene ili ndi ma histidine 11 otsatizana. Ndiye ine His ndimaiona ngati chida choyeretsera. Ngati puloteni yomweyo mudzafuna kuiona m'maselo a nyama kapena a munthu, ikanipo tag yachiwiri pambali pake. Makampani anazindikira kale zimenezi, n'chifukwa chake pali ma plasmid ambiri a Myc-His ndi V5-His.

FLAG

FLAG inachita kupangidwira ntchito imeneyi, sinatengedwe ku puloteni ina ya m'chilengedwe. Thomas Hopp ndi anzake ku kampani ya Immunex anaifalitsa mu 1988. Ndi ma amino acid 8, DYKDDDDK (chilembo chilichonse chikuimira amino acid imodzi), ndipo anasankha dala okonda madzi kuti tag izikhala kunja kwa puloteni, pamene antibody ingaifikire. Asanu omalizawo ndi malo amene enzyme yotchedwa enterokinase imadula, choncho FLAG ikakhala kumayambiriro kwa puloteni mungathe kuichotsa mukamaliza kuyeretsa.

Apa m'pofunika kudziwa dzina la clone, kutanthauza mtundu weniweni wa antibody, osati kungoti "anti-FLAG". M1 imafuna calcium, ndiponso imafuna kuti FLAG ikhale kumayambiriro kwenikweni popanda ngakhale methionine patsogolo pake, zimene zimachitika makamaka pa mapuloteni otuluka kunja kwa selo, signal peptide (kachidutswa ka kumayambiriro kamene kamalondolera puloteni potuluka) ikadulidwa. Kufuna calcium kumeneku ndi mwayi kwa oyeretsa: muika EDTA, puloteni n'kumasuka mofatsa. M5 imakonda FLAG imene ili ndi methionine patsogolo. M2 ndiye ya aliyense, chifukwa imagwira FLAG kumayambiriro, kumapeto ngakhale pakati. Palinso 3xFLAG, ya ma amino acid 22, imene M2 imaigwira mwamphamvu kwambiri kuposa FLAG imodzi. Pa puloteni yochepa m'selo, kusiyana kwake kumakhala kwa kuona mzere ndi kusauona.

Pamene FLAG imapambana anzake onse, m'kuona kwanga, ndi pa immunoprecipitation, pokoka puloteni pamodzi ndi anzake amene imagwira nawo ntchito. Mumamata pa mikanda ya M2, mutsuka, kenako muthira peptide ya 3xFLAG yambiri imene imalanda malo, puloteni yanu n'kutuluka ili yamoyo, osaiwiritsa kapena kuithira asidi. Koma M2 ili ndi zizolowezi zake. M'maselo a munthu imakokanso PRMT5 ndi mnzake MEP50 ngakhale mulibe FLAG iliyonse, moti amene amatumiza zitsanzo ku mass spectrometry anawazolowera maina amenewa. Munthu amene sanachite control ya maselo opanda tag angasangalale kuti wapeza bwenzi latsopano la puloteni yake, pamene wapeza bwenzi la M2. M'maselo a tizilombo touluka amene anthu amapangiramo mapuloteni ndi baculovirus, tyrosine ya mu FLAG imatha kuikidwa sulfate puloteni ikamatuluka kunja kwa selo, antibody n'kusiya kuigwira bwino. Ndipo chifukwa cha ma aspartate onse aja, puloteni ya FLAG nthawi zina imayenda pang'onopang'ono pa gel n'kuoneka yolemera kuposa mmene munawerengera. Mtengo wa mikanda ya M2 ndi peptide nawonso si wamasewera kwa labu imene imagula zinthu ndi ndalama zakunja.

HA, ndi mnzake V5

HA ndi ma amino acid 9, YPYDVPDYA, ochokera pa malo 98 mpaka 106 a hemagglutinin ya kachilombo ka chimfine cha influenza. Inatchuka mu 1988 pamene labu ya Michael Wigler ku Cold Spring Harbor inaigwiritsa ntchito poyeretsa adenylyl cyclase ya yisiti ndi antibody yotchedwa 12CA5. Clone yakaleyo ilipobe, koma imadziwika ndi kutulutsa mizere ina yosafunika. Masiku ano ambiri amadalira 3F10, imene inapangidwa mu khoswe ndipo imagwira mwamphamvu kwambiri, kapena 16B12 ya mbewa, kapena C29F4 ya kalulu.

Kupezeka kwa ma antibody abwino a HA ochokera ku nyama zitatu zosiyana ndi chifukwa chachikulu chimene ine ndimaikondera. Pa maikulosikopu nthawi zambiri mumafuna kuona zinthu ziwiri kapena zitatu m'selo limodzi, puloteni yanu ndi chizindikiro cha mitochondria kapena Golgi. Antibody yachiwiri, yonyamula utoto wowala, imasiyanitsa potengera nyama imene yoyamba inachokera. Ngati chizindikiro cha Golgi chili cha mbewa ndipo cha mitochondria chili cha kalulu, HA ya khoswe imalowa popanda mkangano, bola antibody yachiwiri ikhale imene inatsukidwa kuti isasokoneze mbewa ndi khoswe, chifukwa ma antibody a nyama ziwirizi amafanana kwambiri. Ofufuza kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, amagwiritsa ntchito kwambiri 3xHA ndi 3F10 poona kumene puloteni ikupita mkati mwa selo lofiira la magazi. Ubwino wina: HA ilibe lysine. FLAG, Myc ndi V5 zonse zili nayo, ndipo lysine ndi pamene ubiquitin, chizindikiro choti puloteni iwonongedwe, imamangidwa. Amene akufufuza mmene puloteni imawonongedwera m'selo safuna kuwonjezera malo atsopano omangirapo.

Chilema chake chili pakati penipeni. Zilembo DVPD ndi malo amene ma enzyme otchedwa caspase 3 ndi caspase 7 amadula, monga anaonetsera ofufuza ena mu 2007. Maselo akayamba kudzipha okha mwa apoptosis, tag imaduka ndipo mzere umazimiririka pa blot. Munthu angalembe kuti puloteni yake imawonongedwa maselo akamafa, pamene puloteniyo ili bwinobwino ndipo chaduka ndi kamchira chabe. Ngati ntchito yanu ikukhudza mankhwala a khansa kapena chilichonse chopha maselo, HA isiyeni.

V5 sindinena zambiri chifukwa sivuta. Ndi ma amino acid 14, GKPIPNPLLGLDST, ochokera ku mapuloteni P ndi V a kachilombo ka simian virus 5, ndipo antibody yake yoyamba, SV5-Pk1, inachokera ku labu ya Richard Randall ku St Andrews. M'maselo a nyama imatulutsa blot yoyera ndi zithunzi zoyera. Ndi yaitali pang'ono kuposa zinazi, ndipo si labu iliyonse imene ili ndi antibody yake mu firiji, choncho kubwereka kwa anzanu a khomo lina kumavuta. Koma ngati mukuyamba chatsopano ndipo HA singatheke, V5 ndi imene ndingatenge.

Myc, yotchipa koma yosankha

Myc ndi EQKLISEEDL, malo 410 mpaka 419 a puloteni ya munthu yotchedwa c-Myc. Antibody yake yotchuka, 9E10, inafalitsidwa mu 1985 ndi Gerard Evan ndi anzake. Chimene chinaifalitsa kwambiri ndi chakuti maselo a hybridoma amene amaipanga amapezeka kwa aliyense. Developmental Studies Hybridoma Bank ya ku University of Iowa imagawa 9E10 pa mtengo wotsika poyerekeza ndi makampani, ndipo labu imene imatha kulera maselo ingathe kumadzipangira yokha, kumangotunga madzi amene maselowo akukuliramo. Kwa labu ya ndalama zochepa imeneyi si nkhani yaing'ono.

Koma 9E10 imasankha. Kafukufuku wa mu 2020 wa ofufuza a ku Vienna anaonetsa kuti mphamvu imene imagwirira tag imasintha kwambiri malinga ndi ma amino acid oyandikana nayo. Ndiye kuti mapuloteni awiri a Myc angakhale ochuluka mofanana m'selo, koma wina n'kutulutsa mzere wonenepa, wina woonda. Amene akuyerekeza mitundu ingapo ya puloteni imodzi, ina yodulidwa apa, ina yodulidwa apo, angathe kunamizidwa mosavuta. Clone ina, 4A6, inaoneka kuti sisankha motero.

Chachiwiri n'chodziwikiratu: tag imeneyi ndi chidutswa cha puloteni ya munthu, choncho m'maselo a munthu antibody imaonanso c-Myc yeniyeni, imene imatuluka cha m'ma 60 kDa. M'maselo ambiri ndi yochepa moti sivutitsa. Koma taganizani za Burkitt lymphoma, khansa ya ana imene madokotala a ku Malawi amaidziwa bwino kwambiri. Gwero lake ndi lakuti jini ya MYC imasamuka kuchoka pa chromosome 8, kawirikawiri kupita pa chromosome 14, n'kuyamba kupanga c-Myc mosalekeza. Kuika tag ya Myc m'maselo ngati Raji kapena Daudi, amene anachokera ku khansa imeneyi, n'kudziputira mavuto. Mu yisiti, m'zomera ndi mu ntchentche vuto limeneli kulibe, ndipo a yisiti amalumikiza Myc kokwana 9 kapena 13 motsatizana kuti aone mapuloteni osowa.

Mwa njira yomweyi, magulu ena ali ndi tag zawozawo. Ofufuza Trypanosoma brucei, kachilombo ka kaodzera, amakonda Ty1, EVHTNQDPLD, ndi antibody yotchedwa BB2, kuyambira mu 1996. Ngati mukulowa m'gulu lotere, tengani imene anzanu akugwiritsa ntchito. Ma plasmid alipo kale, ndipo mizere yosafunika imene antibody imatulutsa m'kachilomboko anthu anaidziwa kale.

Zikuluzikulu: GST ndi GFP

Izi si timichira ayi, ndi mapuloteni athunthu. GST ndi ya 26 kDa, ndipo inachokera ku nyongolotsi ya Schistosoma japonicum, m'bale wa ku Asia wa nyongolotsi zimene zimayambitsa likodzo kwathu kuno. Donald Smith ndi Kevin Johnson anaifalitsa mu 1988 pamodzi ndi ma plasmid a pGEX. Imamatirira pa mikanda ya glutathione, imathandiza mapuloteni ena kuti asaundane mu bakiteriya, ndipo ma antibody ake amagwira bwino pa blot. Koma GST imayenda iwiriiwiri, ndiye imakakamiza puloteni yanu kukhalanso iwiriiwiri ngakhale si chikhalidwe chake. Chenjezo lina likukhudza amene amayeza magazi a anthu. Ngati mwapanga antigen ya malungo yolumikizidwa ku GST kuti muyeze ma antibody a anthu pa ELISA, kumbukirani kuti magazi a anthu ena amagwiranso GST yeniyeniyo, ndipo m'madera a m'mbali mwa nyanja kumene likodzo ndi lofala nkhawa imeneyi ndi yomveka. Chitsanzo chilichonse chiyezedwenso pa GST yokha, n'kuchotsera. Kapena dulani GST musanayambe.

GFP ndi nkhani ina. Osamu Shimomura anaipeza mu jellyfish, chamoyo chonga thovu cha m'nyanja yamchere, Aequorea victoria, mu 1962. Douglas Prasher anapeza jini yake mu 1992. Martin Chalfie anaonetsa mu 1994 kuti imawala m'zamoyo zina. Ndipo mu 2008 Shimomura, Chalfie ndi Roger Tsien analandira mphoto ya Nobel. Ili ndi ma amino acid 238, pafupifupi 27 kDa. Imawala yokha, choncho mungaone puloteni ikuyenda m'selo lamoyo, chinthu chimene tag zing'onozing'ono sizingakupatseni chifukwa antibody imafuna selo lophedwa ndi lobooledwa. Wina angafunse kuti nanga anti-GFP ndi yachiyani. Ndi yofunika kwambiri. Mukawiritsa chitsanzo cha Western blot kuwala kumatha. Mukaumitsa maselo ndi methanol kumachepa kapena kutha. M'malo a asidi monga lysosome kumazima. Ndipo puloteni ikakhala yochepa, antibody imakuza chizindikiro chimene maso a kamera sakanachiona. Dziwaninso kuti anti-GFP imagwira YFP ndi CFP chifukwa ndi GFP yomweyo yosinthidwa pang'ono, koma sigwira mCherry, imene inachokera ku chamoyo china cha m'nyanja chotchedwa Discosoma. Choncho GFP ndi mCherry mungazisiyanitse pa blot, koma GFP ndi YFP ayi.

Kukula kwake ndiye vuto. Kumangirira 27 kDa ku puloteni ya 15 kDa kuli ndi zotsatira zake: ingalephere kulowa pamene imalowa, kapena kugwirana ndi anzake. GFP yakale imakondanso kugwirana yokhayokha pang'ono, n'chifukwa chake pa mapuloteni a pa khungu la selo anthu amasankha ya kusintha kwa A206K. Komanso GFP ndi yolimba kuposa mapuloteni ambiri. Selo likawononga puloteni yanu, GFP imatsala, imawalabe, imafalikira mu cytoplasm ndi mu nucleus. Pa maikulosikopu mudzajambula zithunzi zokongola za GFP yoyenda yokha. Musanakhulupirire chithunzi chilichonse, chitani blot ndi anti-GFP muone ngati mzere uli pa kulemera kwa puloteni yanu kuphatikiza 27, kapena uli pa 27 pokha.

Nanobody ndi vuto la mizere iwiri

Aliyense amene anachitapo immunoprecipitation amaidziwa mizere iwiri yonenepa imene imatuluka pa 50 ndi pa 25 kDa. Ndi zidutswa za antibody imene munakokera, heavy chain ndi light chain, zimene antibody yachiwiri imaziona ngati yokokera ndi yoonera zachokera ku nyama imodzi. Puloteni yanu ikakhala ya 48 kDa, kapena ikakhala GFP kapena GST yokha, imabisika pansi pa mizereyo. Njira zakale zozembera zilipo: kokani ndi ya mbewa, onani ndi ya kalulu, kapena gulani antibody ya tag imene ili kale ndi HRP (enzyme yoonetsa mizere pa blot, osati HRP2 ya malungo ija) kuti yachiwiri isafunike.

Njira yatsopano inachokera ku ngamila. Mu 1993 ofufuza a ku Vrije Universiteit Brussel, a labu ya Raymond Hamers, anafalitsa kuti ngamila ndi abale ake monga llama ndi alpaca ali ndi ma antibody opanda light chain. Kansonga kake kogwirira, ka pafupifupi 15 kDa poyerekeza ndi 150 kDa ya antibody wamba, kamagwira ntchito pakokha ndipo kangapangidwe mu bakiteriya. Kameneka ndiko nanobody. GFP-Trap ya ChromoTek ndi nanobody ya GFP yomangidwa pa mikanda, ndipo imakoka mwamphamvu popanda mizere iwiri ija, moti anthu ena amasankha GFP chifukwa cha iyo basi. Mu 2019 kunabwera ALFA-tag, SRLEEELRRRLTE, ya ma amino acid 13, imene inapangidwa dala pamodzi ndi nanobody yake ku Göttingen. Ilibe lysine, ndipo sisokonezeka ndi formaldehyde. Pa pepala ndi yabwino kuposa zakale zonse. Chimene ndimazengereza nacho ndi chakuti ogulitsa ake ndi ochepa, pamene anti-HA ndi anti-FLAG mungazipeze kwa makampani ambiri ndiponso mu firiji ya labu yoyandikana nayo. Kwa amene katundu amatenga milungu kuti afike ndi kutuluka pa bwalo la ndege, kutha kubwereka timadontho tingapo kwa mnzako n'kofunika kuposa ubwino wa pa pepala.

Palinso Strep-tag II, WSHPQFEK, imene sifuna antibody konse chifukwa imagwidwa ndi Strep-Tactin, streptavidin yosinthidwa. Imatulutsa puloteni yoyera kwambiri. Mungopewa mkaka potchinga membrane, popeza mkaka uli ndi biotin imene imalanda malo.

Kumene mwaiika kumaposa imene mwasankha

Anthu amakangana za FLAG ndi HA kwa ola lathunthu, kenako n'kuika tag pamalo pamene iliyonse ikanalephera. Puloteni yotuluka kunja kwa selo kapena yolowa mu endoplasmic reticulum imayamba ndi signal peptide imene imadulidwa n'kutayidwa. Tag ikakhala patsogolo pake imatayidwa nayo limodzi, kapena imalepheretsa puloteni kulowa. Zolowa mu mitochondria zambiri n'chimodzimodzi. Kumapeto nakonso kuli misampha: KDEL imene imasunga puloteni mu endoplasmic reticulum, SKL yopititsa ku peroxisome, ndi CAAX ya mapuloteni ngati Ras, zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha zili kumapeto kwenikweni. Mukaika tag pambuyo pake puloteni imasochera, ndipo antibody idzakuonetsani mokhulupirika malo olakwikawo. Mapuloteni omangiriridwa pa khungu la selo ndi nangula wotchedwa GPI amadulidwa mbali zonse ziwiri, choncho tag imayenera kulowa mkati, pambuyo pa signal peptide. Ngati simukudziwa kalikonse za puloteni yanu, pangani ziwiri, ina ya kumayambiriro ina ya kumapeto, ndipo pakati pa tag ndi puloteni ikanipo ma glycine ndi serine angapo kuti tag izitha kugwedezeka. Ziwirizo zikaonetsa malo amodzi, mtima ungakhale pansi. Ngati pali njira yoyesera ntchito ya puloteni, monga kuona ngati ya tag ikuchiritsa maselo amene jini yake inachotsedwa, umenewo ndiwo umboni weniweni.

Kuchuluka nakonso kumanamiza. Plasmid ya promoter (chigawo cha DNA choyatsira jini) yamphamvu ngati CMV imapangitsa selo kutulutsa puloteni yochuluka kwambiri kuposa mwachibadwa, ndipo yotsalayo imadzaza malo amene sikhalako n'kugwirana ndi mapuloteni amene sikumana nawo. CRISPR yathandiza pamenepa, chifukwa tsopano mungalowetse tag pa jini yeniyeni ya mu chromosome. Apa tag zing'onozing'ono zili ndi mwayi: DNA ya HA kapena FLAG imodzi imakwana pa oligo, kachidutswa kakafupi ka DNA kochita kuitanitsa, pamene GFP imafuna plasmid yathunthu. Koma puloteni ikakhala pa mlingo wake wachibadwa chizindikiro chimachepa, ndiye 3xHA kapena 3xFLAG zimathandiza.

Nanga labu yaing'ono, imene ingakwanitse ma antibody awiri kapena atatu okha, igule ati? Ine ndingagule anti-FLAG M2 ya mbewa ndi anti-HA ya kalulu kapena ya khoswe. Ndi awiriwa mungakoke puloteni imodzi n'kuona inzake, kenako n'kutembenuza, mungajambule zonse ziwiri m'selo limodzi, ndipo ma plasmid ake ndi ambiri ku Addgene, bungwe logawa ma plasmid. His ikhale ya pa nickel, ndipo puloteni yoyeretsedwa muiona ndi utoto wa Coomassie popanda antibody. Anti-GFP ibwere ngati muli ndi maikulosikopu yoonera maselo amoyo. Myc ndingaitenge pa yisiti ndi zomera, kapena pamene ndalama zavutiratu. Ngati mukugwira ntchito pa minofu ya mbewa, pewani antibody yoyamba ya mbewa, chifukwa yachiwiri idzagwira ma antibody a mbewayo amene ali kale m'minofu.

Botolo likafika, werengani pepala lake musanaliponye mu firiza. Ena amasungidwa pa 4 °C, ena pa −20 °C mu glycerol imene imaletsa kuundana. Chimene chimapha antibody msanga ndi kuundana ndi kusungunuka mobwerezabwereza, ndipo kumene magetsi amathimathima zimenezi zimachitika usiku popanda woona, choncho igaweni m'timachubu ting'onoting'ono ndipo muike mkatikati mwa firiza, osati pa chitseko. Antibody yoyamba yosungunulidwa kale mungaigwiritse ntchito kangapo mukaikamo sodium azide pang'ono, koma azide imapha HRP, ndiye isayandikire antibody iliyonse yonyamula HRP. Plasmid nayo itumizeni ku sequencing musanayambe, muone kuti tag ili mu frame (ikuwerengedwa mogwirizana ndi jini) ndipo palibe stop codon (chizindikiro choimitsa kupanga puloteni) yotsalira pakati pa jini ndi tag ya kumapeto. Ndipo pa gel iliyonse, pa silaidi iliyonse, pa immunoprecipitation iliyonse, siyani malo a maselo omwewo opanda tag, kapena olandira plasmid yopanda kanthu. Mzere umene watuluka mbali zonse ziwiri si wanu, ngakhale utakhala pa kulemera kumene mumayembekezera.